Tsiku Limene Ndinalengeza Maliro a Anabanda Ali Moyo

Iwe Yohane, ukusekerera chiyani kuseri kwa foniyo? Ngati ukuti ndine wabodza, nyamuka ulowe kukhitchiniko ukawaone akazi anga Anabanda, ali momwemo akukazinga anyezi, ukawatsine uone ngati ndi mzukwa. Ine ndikuti mayi amenewa ndinawadzutsa ndi mawu angawa madokotala a mu Pretoria muno atagwira njakata, ndipo wotsutsa aimike dzanja ndimuone.

Inu ana a dzulo mumangondidziwa ngati mdala wodulira maluwa ku Lynnwood. Simudziwa kuti kwathu ndinali muulutsi pa wailesi, ndipo pulogalamu yanga inali ya mauthenga achisoni, ija anthu ankatula makasu pansi kuti amve amene watisiya. Ndikangoti "Tikudziwitsa abale onse," nkhuku zinkaleka kupalasa, mabasi ankaima okha pamsewu, amayi oti sanaferedwe n'komwe ankayamba kumanga chitenje m'chiuno, ndipo tsiku lina magetsi atazima ku situdiyo ine ndinangotsegula zenera n'kuwerenga mauthenga onse cha pakamwa, mawa lake anthu a ku Nsanje n'kutumiza munthu kudzapempha kuti ndizitsitsako voliyumu chifukwa makanda sakugona. Mukumva?

Pobwera kuno ku Joni mawuwo sindinawasiye paboda. Mzungu wina wa situdiyo ku Montana, dera lina la mu Pretoria muno, anandimva ndikuitana galu wa abwana, n'kundikokera mkati kuti ndijambule mawu otsatsa basi yopita ku Malawi, ndipo nditangokhosomola pa maikolofoni kuti ndiyese, mageti amagetsi a msewu wonsewo anatseguka okha, maalamu analira mpaka kuno ku Eersterust, maluwa a jakaranda anayoyoka onse nthawi yake isanakwane, moti osesa m'tauni mpaka lero sandipatsa moni. Zotsatsazo anaziulutsa kamodzi kokha. Ine ndinangonena kuti basi inyamuka Lachisanu, katundu mubwere naye m'mawa, basi, koma Amalawi atamva mawu aja aliyense anati kwathu kwagwa zovuta, anadzaza basiyo akulira, ena padenga, ena muteleyala pamodzi ndi mafiriji, kukafika kumudzi n'kupeza abale awo ali gwa, akukazinga chimanga. Ndikunama ine? Ndalumbira pali malemu bambo anga.

Tsono tamverani za Anabanda. Tsiku lina ali kuntchito ku Lynnwood, akusita malaya a abwana awo, anangoti khu pansi. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anagona osaphethira, osayankha, mapaipi ali mbwee m'mikono, ndipo madokotala aakulu mitu aja ankangobwera, kuyang'ana, n'kumapita. Mwana wathu Tadala, uyu ali ku yunivesiteyu, anandikokera pambali.

"Abambo, eish, dokotala akuti muziwalankhula amayi. Akuti mwina mawu oti amawadziwa angawabweze."

Apa ndiye musaseke. Ndinachita mantha, mantha enieni. Mayi amenewa anandikonda asanandione nkhope. Ali mtsikana ku Dedza ankakumbatira wailesi ya bambo awo n'kumamvera maliro a anthu osawadziwa, pofuna kungomva ine. Kuno ku Joni, pamene dzina langa linasanduka "mdala wa kugadeni," iwo okha ndi amene ankanditchabe muulutsi. Ndinadziwa kuti akapita amenewa, ine ndatsala chigoba.

Ndinakoka mpando, ndinawagwira dzanja, ndinatsegula pakamwa, koma zii. Moyo wanga wonse ndinkawerenga zolemba anthu ena. Mawu angaanga, ochokera mumtima muno, ndinalibe ndi amodzi omwe. Tadala akundigunyuza kuti yambani, anesi akundiyang'ana, ine thukuta kamukamu, ndiye lilime, poona kuti mwini wake wasokonezeka, linangotsata njira imene linazolowera.

"Tikudziwitsa abale onse a Anabanda, a m'mudzi mwa Kamphepo ku Dedza, makamaka achimwene awo amene ali ku esiteti ya fodya ku Kasungu, kuti..."

Anthuni, wodi yonse inatekeseka. Madzi a m'madiripi anayamba kukwera chobwerera, makina oyeza mtima anaima kuti amvetsere, bambo wina wa pulasitala miyendo yonse anadumpha pabedi n'kutuluka liwiro mpaka ku renki ya mataxi, mayi wachizulu wa bedi loyandikana, woti Chichewa sachimva ndi pang'ono pomwe, anayamba nyimbo ya maliro, ndipo ku Kasungu kuja alamu anga anatula fodya pansi n'kuyamba kufunafuna jekete lakuda, opanda wailesi, opanda foni. Mukumva?

Pomwepo diso limodzi la Anabanda linatseguka.

"Kuti chiyani? Malizani ndimve."

Ndinacheukira kwa Tadala, koma Anabanda anabwerezanso.

"Ndati malizani, bambo a Tadala. Mukundilengeza ndili moyo? Mukuthamangira kuti? Kwa mayi wa kwaya uja?"

Koyamba chibadwire ndinamaliza uthenga ndi mawu anga. Ndinati, "Kuti asabwere. Mayiwa sakupita kulikonse, mwamuna wawo wakana."

Anandiyang'ana, kukamwa kutapindikira mbali imodzi, kenako anafinya dzanja langa n'kunena kuti ndawavalira malaya osasita pamaso pa anthu. Dokotala analowa akuthamanga, anayeza, anayezanso, anavula magalasi, n'kupempha kuti ndizibwera Lolemba lililonse kudzadzutsa ena. Ndinakana. Mawu amenewa ali ndi mwini wake.

Mwamva akukhosomola kukhitchiniko? Ndi iwowo, akufuna kuwononga nkhani. Ukawafunsa, Yohane, akuuza kuti za diripi ndi za pulasitala sanazione. Akuuza kuti mawu anga otchukawo tsiku limenelo ankatuluka ngati a kamwana ka mbuzi, ndipo chimene chinawadzutsa n'chakuti dzanja lawo linanyowa ndi misozi ya nkhalamba ina yopanda manyazi, yolira pamaso pa anesi. Chabwino, ndinalira. Akazi ndi anga, misozi ndi yanga. Koma lemba penapake, mwana iwe: kulira kumeneko kunamveka mpaka ku Dedza.