Kubisa Mdala padenga

Lolemba

Madamu, eni malo osungira agalu otayidwa komwe ndimayendetsa galimoto, atiitana tonse. Lachitatu kukubwera alendo ochokera kunja kudzaona ngati tikusamala bwino nyama. Adzayeza makola, adzanunkhiza madzi, adzawerenga agalu. Vuto ndi loti agalu achuluka kuposa makola. Chiyambire korona, kuno kudziko la eni komwe tinabwera kudzagwira ntchito, anthu otha ntchito akukwera ndege kubwerera kwawo n'kusiya agalu pageti pathu ngati matumba a zinyalala. Ndipo alendo omwewa ulendo watha ananena mosabisa: malo akachepa, agalu okalamba omwe palibe akuwafuna azibayidwa jekeseni yogona osadzukanso.

Nzeru ya Madamu: otsalawo tiwabise mpaka alendo apite. Ambiri apita kwa anzawo a Madamu. Ine ndakweza dzanja, Mdala ndi wanga.

Mdala: imvi pakamwa, mano owerengeka, diso limodzi lachita mtambo. Eni ake ankamulankhula chinenero chomwe palibe pano akuchidziwa. Tsopano amamva Chichewa. Ndikati "bwera kuno, mdala iwe," amabwera akuyenda ngati malemu bambo anga pochokera kudimba.

Masiku awiri okha. Zosavuta!

Lachiwiri

Ndamulowetsa m'nyumba yosanja yomwe timachita lendi m'dera la Bin Omran atakulungidwa m'bulangete ngati wodwala. Masitepe onse ndamunyamula. Padenga, kuseri kwa thanki ya madzi, ndamukonzera:
katoni ya firiji,
beseni,
malaya anga akale, kuti azimva fungo langa.

Sauwa, mwayi wanga. Koma mkonono! Che Yusufu, mnzanga wa m'chipinda, mlonda ku Al Mirqab, akwera kudzayanika zovala. Aima, amvetsera. "Achimwene, thanki yathu yayamba kupuma?" Kenako amuona. Ndi Msilamu wopemphera, malovu a galu kwa iwo ndi chodetsa. "Mawa achoke. Ndipo asandinyambite."

Ndalumbira.

Lachitatu

Tapenta makola. Tavala mayunifolomu atsopano, mopindidwa mukuonekabe. Khola lililonse lili ndi kachikwangwani ka dzina. Ka Mdala ndachotsa ndekha, kali m'thumba.

Alendo sanabwere! Mmodzi watsekeredwa pa kwarantini kuhotela. Madamu: "Mawa, inshallah." Madamu si Msilamu, mawuwa amawatulutsa akafuna kutseka nkhani.

Kunyumba, Mdala wakoka mkanjo woyera wa Che Yusufu pachingwe, wautafuna kolala n'kugonapo. Auchapa kasanu n'kawiri, koyamba ndi dothi, monga chipembedzo chawo chimanenera. Dothilo ndakawatapira ine kuseri kwa mpanda. Sanatukwane. Bola akanatukwana.

Lachinayi

Kuyendera kwachitika. Pafoni!

Mlendo wotsekeredwa uja, mayi wamagalasi, ali m'chipinda cha hotela, ine ndikuzungulira ndi foni ya Madamu m'manja, kuloza komwe ndauzidwa. Akuona chomwe ndaloza basi. Mdala akanakhala kumbuyo kwanga akuvina, sakanamuona. Masitepe aja, mkanjo uja, pachabe!

Mayiyo: "Makola opanda kanthu! Sindinaone zotere kwina kulikonse." Madamu akumwetulira mpaka masiki kukwera m'maso.

Funso limodzi lokha kwa ine: kodi ndimakonda nyama? Ndati eya.

Lachisanu

Tchuthi. Che Yusufu apita kokapemphera ndi mkanjo wobwereka. Potuluka: "Anthu ayamba kufunsa za fungo. Mwini nyumba akamva, tonse tili pamsewu."

Ndili padenga, mutu wa Mdala pantchafu panga. Kwathu ku Balaka galu ankakalambira pakhonde, n'kufa tsiku lake likakwana, ife n'kumukwirira pansi pa mtengo wa mango. Palibe ankabwera kudzamuwerenga. Kuno lamulo latsopano likutilola kusintha ntchito osapempha chilolezo kwa abwana. Anzanga anasintha kalekale, ali m'mahotela. Ine ndinatsalira galu.

Mawa ndikumubwezera m'khola lake.

Loweruka

Lipoti lafika mwachangu. Tapambana! Ndipo poti malo tili nawo, alangiza kuti agalu a m'malo ena odzaza abwere kwa ife. Abwera kale. Galimoto ndayendetsa ndine. M'khola la Mdala muli tiagalu tonenepa, toti aliyense akationa amakuwa ndi chimwemwe.

Ndafunsa za Mdala. Madamu akuyang'ana khoma. "M'lipoti mulibe galu wokalamba, atiyamikira pa chimenecho. Dokotala abwera Lolemba ndi jekeseni. Khalas, nkhani yatha."

Ndaimbira:
anzawo a Madamu (odzaza),
a kutchalitchi (nawonso amakhala nyumba zaeni),
mayi wina wa ku Al Nasr yemwe ankafuna galu (akufuna kamwana).

Lamulungu

Kuno Lamulungu ndi tsiku la ntchito. Satifiketi yoyamikira yapachikidwa polowera. Msomali ndakhoma ine, ndipo yakhala yowongoka bwino.

Ndaweruka, ndakwera padenga. Che Yusufu aima chapatali, mbale ya mpunga ndi nkhuku ili pansi, akuikankha ndi phazi. "Mafupa ndachotsa. Mano alibe uyu."

Mdala akudya pang'onopang'ono. Wamaliza. Akuwayandikira, iwo sakusuntha. Wawanyambita chala cha kuphazi, kawiri. Che Yusufu atseka maso, ausa moyo. "Pitani mukatape dothi, achimwene."

Ndakatapa. Kachikwangwani kakadali m'thumba. Mawa Lolemba ndimutsitsa masitepe omwewo, m'bulangete lomwelo.