Mwala wa pa Khomo la Kumpoto

Ballycorrig, Novembala 1897

Kwa Bambo Mfumu, Wapampando wa Komiti Yomanga Tchalitchi Chatsopano

Bambo wolemekezeka,

Ndine mphunzitsi wamba, ndipo kalatayi ndaing'amba katatu. Ku koleji ku Galway anandiphunzitsa Chilatini, koma kathokozedwe ka akuluakulu sanandiphunzitse. Ndikaphonya mundikhululukire.

Choyamba, zikomo chifukwa cha nsanja ya tchalitchi. Yaposa ya Apulotesitanti ndi mapazi asanu ndi anayi, ndipo ndamva kuti m'busa wawo chakudya sichikumulowa. Guwa la mwala woyera wa ku Italy nalonso n'lokongola. Amatero amene amakhala kutsogolo.

Chachiwiri, zikomo pokumbukira bambo anga, malemu Malachy Tuohy. Pamene munasalaza manda akale kuti tchalitchi chipeze malo, ndinkaopa kuti mwala wa pamanda awo utayidwa. Ndinalakwa kukukayikirani. Amisiri anu anauyala pansi pa khomo laling'ono la kumpoto, lolowera ife anthu wamba, zilembo zili m'mwamba. Bambo anali munthu wosachezeka, koma tsopano parishi yonse imawayendera Lamulungu lililonse, itavala nsapato zamisomali. Dzina la Malachy lafufutika kale. Latsala la Tuohy, ndi theka la mawu opempha odutsa kuti awapempherere.

Chachitatu ndi mayi anga. Ali ndi zaka 74, ndipo ndi osamva zonena anthu. Akuti pa zaka makumi anayi za ukwati sanawapondepo amuna awo, sangayambe lero. Mwalawo ndi waukulu, sangaudumphe. Khomo lalikulu, lija la angelo osema, mumatsegulira a Bishopu okha. Choncho chiyambire Pasaka mayi amamvera Misa panja, atafunda shawelo, madzi a mvula akuwagwera kuchokera m'kamwa mwa chinjoka chamwala chimene munaika padenga. Wojambula mapulani wa ku Dublin anandiuza kuti kuchotsa mwalawo kungawononge maonekedwe a khomo. Iye ndi wodziwa. Ine mwina ndikungokuza nkhani.

Sindikupempha kuti mutsegule khomo la a Bishopu, mahinjesi angathe msanga. Pempho langa ndi laling'ono. Mayi ayamba chifuwa, ndipo dokotala wasiya kundiyang'ana m'maso. Mwala wawo ukadzasemedwa, mudzauyale pafupi ndi wa bambo, koma chamkati pang'ono, kumene mvula sifika. Potero nawonso adzakhala m'tchalitchi chimene anathandiza kumanga ndi mazira a nkhuku zawo.

Ine wanu wogwada panja limodzi ndi mayi,

Cornelius Tuohy