Mtengo wa Matimati Kafunseni pa Chulu

M'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wa phula, umene dzina lake sitilitchula chifukwa eni ake ndi anthu aulemu, chitukuko chinafikira pa chulu. Mudzi wonse unalibe netiweki, koma munthu akawoloka dambo n'kukwera chulu cha kuseri kwa dibi la ng'ombe, foni inkagwira bwinobwino, bola ayang'ane kum'mawa.

Woyamba kuona mwayi pamenepa anali a Kamtedza, mlimi wa matimati. Kunena zoona, amene anathirira dimba miyezi itatu yathunthu, kheni kumanja kheni kumanzere, anali akazi awo a Nangozo. A Kamtedza ankalima ndi maganizo. Chaka chimenecho matimati anachita bwino, madengu khumi ndi awiri, ndipo onse anapsa sabata imodzi. Matimati akapsa sadikira munthu. Amapirira masiku asanu, kenako amaitana ntchentche.

A Kamtedza anatsegula tsamba la mchezo pa intaneti n'kulitcha Kamtedza ndi Ana Ake Intanashonale, ngakhale anawo sanafunsidwe. Iwo anadzilemba kuti Mkulu wa Akuluakulu Woona za Matimati m'Chigawo Chino cha Afrika. A Nangozo anapatsidwa udindo wa Wachiwiri kwa Mkulu, nkhani imene anakaimvera kwa anthu kuchigayo.

Lolemba m'mawa Mkuluyo anaunjika matimati pa benchi ya pamsewu, anawajambula kutsogolo ndi m'mbali, n'kuthamangira ku chulu, kumene tsopano ankakutcha ku ofesi. Patsambalo, munthu akakondwera ndi chithunzi amasiyapo kachizindikiro ka chala chachikulu. Pofika masana, zala zinali makumi anayi ndi zitatu. Ambiri mwa eni zalazo anali pa chulu pomwepo, ataima pambali pawo.

"Bambo a Lonjezo," anafunsa a Nangozo madzulo ake, "zala zimenezi tiziphika ndi chiyani?"

"Mayi a Lonjezo, bizinesi yamakono imayamba ndi kudziwika. Kugulitsa kumabwera kokha."

"Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Akuluakulu amenewo analibe otsatira."

Tsiku lotsatira kampani inakhazikitsa malamulo awiri. Loyamba linali lakuti mulu wa matimati usachepetsedwe chisawawa, chifukwa mulu ukachepa chithunzi chimaonongeka. Lachiwiri linali lakuti mtengo sutchulidwa pakamwa ngati pamsika wa anthu wamba. Wofuna kugula azifunsa patsamba.

A Likongwe, amene khomo la nyumba yawo linkayang'anizana ndi benchiyo, ankafuna matimati anayi othira mu usipa. Anawoloka dambo, anakwera chulu, anaima phewa ndi phewa ndi a Kamtedza, n'kulemba kuti, "Zingati?" A Kamtedza anawerenga, anakhosomola pang'ono, n'kuyamba kuyankha ndi chala chimodzi: "Kasitomala wathu wolemekezeka, uthenga wanu taulandira. Kunyumba kuli bwanji?" Asanafike pa mtengo, kunabwera mtambo, netiweki n'kuthawa. Tsikulo a Likongwe anadya usipa wamadzi okhaokha, koma pokhala munthu waulemu anasiyabe chala.

Pafupi ndi benchi ya kampaniyo panali benchi ya a Nachisale, mayi wogulitsa zitumbuwa. Foni yawo inali ya mabatani, yomanga ndi mphira kuti batire isagwe, ndipo ku chulu anali asanapondeko. Dzuwa likakwera, a Nachisale ankayala chitenje chawo chakale pamwamba pa matimati a eni ake. Ankatembenuza apansi kuti apume, ofewa n'kuwaika pambali kuti asaononge anzawo. Palibe amene anawatuma. A Nangozo akamadutsa pochokera kudimba, a Nachisale ankawapatsa chitumbuwa chotentha osanena kanthu, chifukwa pali mavuto ena amene mawu amangowakulitsa.

Pofika Lachinayi zala zinali mazana atatu, ndipo ntchentche zoyamba zinali zitabwera kudzaona malo. Cha m'ma teni koloko, a Kamtedza ali mkati mojambula, panaima galimoto ya bokosi kumbuyo. Munatsika mayi wina wa chikwama chachikulu, a Chimwaza, amene ankagula zakudya za sukulu ina yogonera komweko.

"Matimatiwa mukuchita bwanji dengu, bambo? Ndikufuna onse."

"Mwatipeza kudzera patsamba?"

"Ayi, ndangowaona ndi maso podutsa."

A Kamtedza anapukusa mutu mwachisoni. "Pepani mayi, ndondomeko yake si imeneyo. Mutilembere patsamba. Ine ndatsogola, ndikakudikireni ku ofesi."

Atatero anakwinya buluku mpaka m'maondo, n'kulunjika kudambo.

A Chimwaza anayang'ana matimati, anayang'ana msana wa Mkuluyo ukuzimirira m'bango, n'kutembenukira ku galimoto yawo. Apo a Nachisale anawasunthira kampando.

"Pumaniko pang'ono, mayi, kunjaku kwatentha. Lawani kachitumbuwa aka."

Mlendo ali mkati motafuna, a Nachisale anathamangira kuseri kwa nyumba ya a Kamtedza.

"Anzanga, tulutsani madengu onse. Wogula ali panja."

"Nanga eni kampani?" anafunsa a Nangozo, manja ali ndi thovu la sopo.

"Ali ku ofesi. Inu si Wachiwiri wawo kodi? Mkulu akachokapo, amene amasaina ndi wachiwiri."

A Nangozo anapukuta manja pa chitenje. Mtengo unatchulidwa pakamwa, ngati pamsika wa anthu wamba, ndipo palibe amene anakomoka. Amayi atatuwo ananyamulizana madengu khumi ndi awiri mpaka m'galimoto. Matimati ofewa aja a Nangozo anawapatsa a Nachisale, ndipo a Nachisale anatumizako anayi kwa a Likongwe.

Ku ofesi, a Kamtedza anadikira uthenga wa kasitomala mpaka dzuwa litapendeka. Pobwerera anapeza benchi ili mbee. Akazi awo anawafotokozera zonse mwatsatanetsatane, osasiya ngakhale za chitumbuwa. Mkuluyo anamvetsera, kenako anajambula benchi yopanda kanthuyo n'kuwolokanso dambo. Analemba kuti: "Katundu yense watha m'masiku anayi okha. Iyi ndiye mphamvu ya tsamba." Zala zinafika mazana asanu.

Mbiri inafala. Ochita malonda onse a pamsewupo anapempha a Kamtedza kuti awaphunzitse, ndipo maphunziro anakonzedwa Loweruka, tsiku limene mabasi amadutsa ambiri. M'mawa wa tsikulo wogulitsa nthochi, wogulitsa mbatata ndi wogulitsa mtedza ananyamuka ndi mafoni awo. Aliyense podutsa ankati, "A Nachisale, mutiyang'anireko katunduyu." Mphunzitsi yekha ndiye anaima kanthawi.

"Mayi, ndimakumverani chisoni. Ndi kafoni kanu ka mphirako, dziko likusiyani."

"Zoonadi, bambo, ife ndife osaphunzira," anayankha a Nachisale. "Muwoloke bwino, pakati pa dambopo pakuterera."

Tsiku limenelo pamsewu panatsala munthu mmodzi yekha wosadziwa bizinesi. Zitumbuwa zake zinatha nthawi yam'mawa, ndipo poti apaulendo ankafunsabe, anawagulitsa nthochi, mbatata ndi mtedza, ndalama ya aliyense n'kuimanga pa mfundo yakeyake ya mpango.

Ophunzira atabwerako masana n'kupeza mabenchi ali mbee, anagwirizana kuti sanaonepo maphunziro ogwira ntchito msanga chotero. Pomwepo anawonjezera mawu oti Dokotala patsogolo pa dzina la a Kamtedza.

Mpaka lero Dokotala Kamtedza amaphunzitsa pa chulu Loweruka lililonse. Akafuna kupereka chitsanzo cha munthu amene intaneti inamusiya m'mbuyo, amaloza kumsewu, pa benchi ya a Nachisale. Kungoti ophunzira sawaona bwino mayiwo, chifukwa makasitomala amawatchinga.