Mmene Ndinaphunzitsira Foni Ulemu

Amene mukuseka kumbuyoko sunthirani kuno, mundiseke ndikukuonani mano. Ndati ine ndinaphunzitsa foni kugwada, ndipo ngati ndikunama, njinga yangayi iphulike matayala onse ndisanafike pa Nsaru.

Inali nthawi imene akazi anga, aNaphiri, anagwidwa ndi sitiroko. Dzanja linafa, mwendo unafa, pakamwa panatsekeka, mayi amene kale akaitana nkhuku pakhomo pathu, za ku Kabudula nazo zinkabwera zikuthamanga. Wowasamalira ndinali ine: kuwasambitsa, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuwamwetsa phala. Koma mankhwala a bipi anawakana. Ankangoluma mano, chonsecho adokotala anali atanena poyera kuti akapanda kumwa, sitiroko yachiwiri idzawatenga. Mantha ndinali nawo, sindibisa.

Mwana wathu wa m'tauni anatibweretsera foni yokhala ndi kapulogalamu kolankhula, ka nzeru zochita kupanga, kothandiza osamalira odwala. Kamakumbutsa nthawi ya mankhwala, kamakuuza mbali yoti umutembenuzire wodwala, ukakafunsa kamayankha. M'mawa mwake ndinaiika foniyo pampando, ndipo inayamba: "Esinati, nthawi yakwana, imwa mankhwala."

Mukumva? Esinati. Dzina limene ine mwamuna wawo ndinalisiya kutchalitchi tsiku la ukwati, kachinthu kobadwa dzulo kakulitchula, n'kuwonjezeranso "imwa" ngati kakuuza mwana wa mkaka.

ANaphiri anatembenuza mutu. "Iwe, anakulera ndani?"

Mawu oyamba chidwalire chawo. Anatuluka ndi mphamvu moti malata anakwera m'mwamba n'kubwerera pamisomali yake, fodya wa m'chigafa anauma nthawi yomweyo, ng'ombe za aneba zinadzimanga zokha pangolo, ndipo iwo ali mkati mokalipa, kukamwa kuli yasa, ine ndinaponyamo piritsi, madzi pambuyo, lapita.

Koma mwano pakhomo panga sindilola. Ndinaitengera foniyo pansi pa mtengo wa mango n'kuikhazika chilangizo. Ndinaiphunzitsa kuti wamkulu ndi "inu", kuti mayi wapabanja amaitanidwa ndi mfunda wake, aNabanda, aNankhoma, aNambewe, ndipo ndinailangiza mpaka batire linatuluka thukuta. Inamva moti ikaona munthu wa imvi inkatsika yokha pampando n'kugwada, inkakana kutchajidwa pa sola akuluakulu asanadye, kenaka ulemu uja unakwera pa netiweki n'kufalikira, mafoni onse a pa Msundwe anayamba kunena "odi" asanalire, ndipo kondakitala wina wa minibasi anasiya kutukwana chifukwa foni yake inkamutsina m'thumba. Mukumva? Kafunseni amene anakwera.

Nanga taonani zimene ulemuwo unandichita. Foni inati, "ANaphiri, pepani, tikupempha mumweko mankhwala." Iwo anaiyang'ana, n'kukhutira, n'kutseka pakamwa. Chokalipira panalibenso. Piritsi linatsala m'manja mwanga, nyumba inabwerera kukhala zii.

Ndiye ine, mphunzitsi wa ulemu wa dera lonse lino, ndinapita nayo kuseri kwa nkhokwe, ndinavula chipewa, n'kuipempha kuti m'mawa uliwonse izichitako mwano kamodzi.

"Abambo, si bwino zimenezo," inatero.

Ndinachita kuigwadira ine. Inavomera, ndipo kuyambira pamenepo kukacha foni inkati "Esinati, imwa," iwo n'kuikalipira mpaka kutchula makolo ake, ine piritsi. Anakalipa choncho dzinja ndi chilimwe, dzinja linanso, mpaka anaona mdzukulu wathu akubatizidwa. Nthawi zina akatha kukalipa ankandiyang'ana ine n'kumwetulira mbali imodzi ija yamoyo. Ndikuganiza kuti ankadziwa. Masiku amenewo anali okoma, anthu inu, okoma kuposa pamene tonse tinali ndi mphamvu, chifukwa ndinkadzuka ndikudziwa kuti ndimva mawu awo.

Anatisiya nthawi yokumba mtedza, mwakachetechete, atamwa mankhwala awo.

Zogwada zija mukhoza kuchotserako pang'ono, mwina inkangogwa pampando ikamanjenjemera. Za kondakitala nazo ndinangomva kwa anthu. Koma foni ndikadali nayo, ndipo mwana wanga atafuna kuchotsamo kapulogalamuko ndinamukaniza. Kukacha imalankhulabe, ine n'kuima pakhomo la kuchipinda ndi kapu ya madzi, kudikira woti aikalipire.