Mizere Yoswana Yokha m'Detabesi Yathu

Kwa Olemekezeka a Bwana Mkulu,
Kampani Yathu Yonyamula Maphukusi,
Ofesi ya Kapeti, Pamwamba pa Masitepe.

Bwana,

Ndagwada. Ndine uja wosamalira detabesi, wa m'kachipinda kozizira koyandikana ndi chimbudzi cha abambo, amene mumamutcha "iwe wa makompyuta" mukakumana naye pamasitepe. Pepani kuti kalatayi ndaikhoma pabolodi la pakhomo m'malo moilowetsa kunsi kwa chitseko chanu. Makalata awiri omwe ndinakulemberani sabata yatha ndinawapeza atayalidwa m'katoni ya anapiye a kasitomala omwe ali m'khonde. Anapiyewo akuoneka kuti anawawerenga mofatsa mpaka kusainapo, koma yankho lawo silingathandize Azakhali Lachisanu likubwerali.

Azakhali ndi amayi aja a pawindo lolandirira maphukusi. Timawatchula choncho chifukwa ambirife anatilandira tisanadziwe ngakhale pokhala sitampa. Mwawaimitsa ntchito. Lachisanu nthawi ya 10 koloko akaonekera ku komiti, ndipo akapezeka olakwa, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zithera m'kajumbo kamodzi, kutatsala zaka ziwiri kuti apume mwaulemu. Mlandu wawo ndi woti analowetsa mwakabisira mizere 1,323 m'detabesi ya kampani.

Poti kalatayi iwerengedwanso ndi madalaivala ndi alonda, ndiloleni ndifotokoze zomwe inu mukuzidziwa kale kuposa ine. Detabesi ndi kabati ya m'kompyuta momwe timasungamo zonse za kampani. Muli matebulo 63: la makasitomala, la maphukusi, la madalaivala, la magalimoto, ndi ena otero. Tebulo lililonse lili ndi mizere, ndipo mzere umodzi ndi kasitomala mmodzi kapena phukusi limodzi. Matebulowa ndi apachibale, poti mzere wa phukusi umaloza mzere wa mwini wake n'kulozanso wa dalaivala amene alinyamule. Sukulu yathera pomwepa. Tsopano ndiyambe kuthokoza, chifukwa zothokoza zachuluka.

Choyamba, zikomo chifukwa cha funso lanu. Munapita kumsonkhano wa mabwana kuhotela, kumene mkulu wa kampani ina anadzitama kuti detabesi yake ili ndi mizere mamiliyoni awiri. Atakufunsani za yathu, akuti munatsokomola n'kuyamba kuyankha foni yomwe sinalire. Lolemba la sabata yatha m'mawa munandiitana, ulendo woyamba chiyambireni ntchito, n'kulamula kuti ndiwerenge mizere ya m'tebulo lililonse. Ndinasangalala ngati mwana woitanidwa kutsogolo kwa kalasi pa funso lomwe akulidziwa. Ndinalemba kalamulo kafupi kouza kompyuta kuti iyende tebulo ndi tebulo, iwerenge, n'kulemba dzina la tebulo ndi chiwerengero chake pambali. Mphindi zinayi zokha, pepala linali pa desiki yanu: mizere yonse pamodzi 418,206.

Inu simunayang'ane pepala, munayang'ana wotchi. "Mphindi zinayi? Ngakhale tiyi sazizira msanga choncho. Kuthamanga si kufika, kabwereze." Ndinabwereza, ndipo inapezeka 418,297. Ndinayesa kunena kuti pansipa anthu akubweretsabe maphukusi, koma munakweza dzanja, ndipo dzanja lanu likakwera ife timadziwa kuti nzeru zatsala pang'ono kutsika.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha nzeruzo. Lachiwiri munatseka windo, munaimitsa magalimoto, n'kulamula kuti phukusi lisalowe kapena kutuluka mpaka kuwerenga kuwiri kutafanana. Pofuna kutsimikiza, munazula chingwe cha kompyuta ya Azakhali ndi dzanja lanu n'kukachikhomera m'dirowa yanu. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi. Makatoni ali mbwee m'khonde monse, kupita kuchimbudzi n'koyenda chammbali. Pali matiresi anayi, pali diresi la ukwati womwe unachitika Loweruka lapitali popanda ilo, ndipo pali anapiye mazana atatu omwe mlimi wina ankatumiza kwa mlamu wake. Anafika ali a tsiku limodzi, lero ayamba nthenga. Azakhali, poti analibe chogwira, ndiwo ankawamwetsa madzi m'zivindikiro za mabotolo ndi kuwafunditsa juzi yawo.

Windo lili chitsekere choncho, ndinawerenga kawiri monga munalamulira. Kuwerenga kwachiwiri kunaposa koyamba ndi mizere 63. Munaimirira, munavula magalasi, n'kulengeza kuti m'kampani muno muli mbava. Wachiwiri wanu, amene kumbali timamutcha a Indebwana, anagwedeza mutu mwamphamvu mpaka cholembera chinagwa kukhutu. Ine ndinadabwa, chifukwa chibadwireni sindinamvepo za mbava yobwera kudzawonjezera katundu.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha Kazitape. Mwina mwaiwala, poti mitu yaikulu imasenza zambiri. Chaka chatha munalamula kuti ndipange tebulo loti lizilemba aliyense wotsegula tebulo lina lililonse, dzina lake ndi nthawi yake, kuti pasapezeke wosuzumira zinthu za kampani mobisa. Anzanga analipatsa dzina loti Kazitape. Ndi wantchito wokhulupirika kuposa tonsefe, sadwala, sapita kumaliro. Munthu akatsegula tebulo limodzi, iye amalemba mzere umodzi. Kuti uwerenge tebulo uyenera kulitsegula. Matebulo alipo 63. Ndiye kuwerenga kulikonse kumabereka mizere 63 yatsopano m'mimba mwa Kazitape, ndipo kuwerenga kotsatira kumaipeza. Walira mvula walira matope, Bwana. Izi ndi zomwe ndinalemba m'makalata awiri aja, zilembo zikuluzikulu, musanawapereke kwa owerenga anthenga.

Chachinayi, ndipo apa ndikuthokoza ndi manja awiri, zikomo potibwezera ku ntchito yamanja. Munati kompyuta ikhoza kugwirizana ndi mbava, koma chala cha munthu sichinama. Ndinasindikiza matebulo onse, mapepala opitirira 8,000. Pulinta inatentha mpaka tinkaikupiza ndi chikuto cha faelo. Anthu khumi ndi anayi, kuphatikizapo amakaniko ndi amayi okolopa, munawagawa magulu awiri, aliyense rula m'manja, chala kumlomo, chala papepala. Masiku atatu ofesi yonse inali kung'ung'udza manambala. Munthu ukamupatsa moni ankakuyang'ana ndi diso lofiira, chifukwa wamusokoneza pa 37 ndipo ayambiranso.

Tsiku loyamba lomwelo makaniko wamkulu, bambo wosalankhulalankhula, anakweza dzanja lake lamafuta n'kunena kuti, "Bwana, pepala lililonse lili ndi mizere fifite. Bwanji tingowerenga mapepalawa n'kuchulukitsa, tizipita kukagwira ntchito?" Munamuyankha kuti kuchulukitsa ndi ulesi wa anthu ophunzira, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinadekhadi. Lachisanu madzulo gulu loyamba linapeza chiwerengero chake, lachiwiri chakenso, zosiyana ndi mizere yoposa chikwi, ndipo zonse ziwiri zosiyana ndi za kompyuta. A Indebwana anaphatikiza ziwirizo n'kugawa pakati, yankho linatuluka ndi theka kumapeto. Mpaka lero sitikudziwa ngati thekalo ndi la dalaivala kapena la phukusi, koma lili m'lipoti ndipo munalisainira.

Chachisanu chikundivuta kuthokoza, koma ndiyesetsa. Lolemba lapitali munakhazikitsa komiti yofufuza mbava. A Indebwana anatsikira kukachipinda kwanga, atakumbatira faelo, n'kundifunsa funso limodzi: ndani amalowetsa mizere yambiri m'kampani muno? Ine ndi kupusa kwanga ndinayankha zoona. Ndinati ndi Azakhali, poti ndiyo ntchito yawo, phukusi likafika iwo amalilemba. Mawu oti "ndiyo ntchito yawo" anatsala pamasitepe, pamwamba panafika dzina lokha. Lisanakwane ola kalata yowaimitsa inali itatuluka. Apa pakundiwawa, Bwana, ndipo sindibisa. Pakamwa panga ndi pomwe panawapereka amayi amene anandibwereka jekete la malemu amuna awo tsiku lomwe ndinkayesedwa ntchito.

Sanalire. Anapinda nsalu ya pampando wawo, anatenga kapu yawo ndi mankhwala awo a miyendo, n'kuima pakhomo panga. "Mwanawe," anatero, "zaka zonsezi ndikulowetsa mizere ankati ndi ntchito. Lero yasanduka mlandu? Nanga ndailowetsa ndi chiyani, chingwe chili m'dirowa mwa abwana? Ndi mano?" Kenaka anandionetsa katoni yomwe muli kamwanapiye kotsimphina, kuti ndizikadyetsa padera chifukwa anzake amakapondereza. Chichokereni iwo, wosamalira detabesi wa kampani yanu ndiye akuweta nkhuku.

Funso la Azakhali linandikhala pamtima, ndiye dzulo ndinachita chinthu chomwe komiti yanu, mwa kutanganidwa kwake, sinachiganizire. Ndinamufunsa Kazitape mwini wake. Paja iye salemba mzere wopanda dzina. Pomutsegula ndawonjezera mzere wina umodzi, ndipo ndikupepesa. Nazi zomwe wasunga kuyambira pomwe windo linatsekedwa.

Dzina la Azakhali mulibe, ngakhale kamodzi. Langa lilimo ka 189: kuwerenga kuwiri kuja ndi kusindikiza, zonse mwa lamulo lanu. Mizere yotsalayo, 1,134, ili ndi dzina limodzi lokha, dzina lalitali bwino, lokhala ndi maudindo kutsogolo, lomwe mwana wolera bwino ngati ine sangalikhome pabolodi. Mukukumbukira kuti Lachiwiri lija, anthu atabalalika, munandinong'oneza kuti ndikuikireni batani lowerengera pakompyuta yanu, "kuti mbavayo ndiziyiona ndekha"? Mwalidina maulendo khumi ndi asanu ndi atatu. M'mawa musanamwe tiyi, masana mukangobwera kodya, ndipo Lachinayi kasanu motsatizana kuyambira 3 koloko, nthawi yomwe tinkakumvani mukumenya desiki n'kufuula kuti, "Akulowetsabe! Ndikuwaona!" Munkawaonadi, Bwana. Maso anu ndi akuthwa, ndipo m'ofesimo munali nokha.

Musaganize kuti ndikukunenani. Ndine yani ine? Bwana amene amagwira yekha ntchito ya mbava ndi ya mlonda pofuna kupeputsa antchito ake ndi wosowa masiku ano. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti komiti yandilamula kuti Lachisanu ndibwere ndi umboni wonse ndi kuuwerenga mokweza. Ndausindikiza kale, mapepala 27. A Indebwana aitana antchito onse kuti adzamvere, akuti likhale phunziro, ndipo amakaniko alonjeza kubwera ndi mabenchi. Ndayesa kuwerenga ndekha kukachipinda kwanga: mzere uliwonse ndi dzina lake lonse ndi maudindo ake, zikutenga maola awiri. Mawu anga ndi aang'ono, koma dalaivala wina wadzipereka kundibwereka chimkuzamawu.

Ndiye ndabwera ndi mapempho awiri, chipewa chili m'manja. Loyamba ndi laling'ono: mukamaliza kuwerenga kalatayi musathamangire kukadina batani lija kuti muone ngati ndikunama. Muwonjezera 63, ndipo ine ndidzasasa mawu.

Lachiwiri ndi ili. Mlembi wanu wandionetsa kalata yochotsa munthu ntchito yomwe mwasainiratu. Ikunena momveka kuti amene analowetsa mizereyi achoke tsiku lomwelo, asiye makiyi pageti, ndipo asadzapondenso pano. Pasiyidwa malo a dzina okha, ndipo mlembiyo akuti adzalembapo lomwe umboni udzatchule. La Azakhali silingatheke, poti Kazitape sakuwadziwa. Mukawaimbira foni lisanafike Lachisanu, n'kuwabwezera mpando wawo ndi mawu awiri opepesa onenedwa pakhonde pomwe munawatchulira mbava, ine mapepala 27 aja ndidziwa katoni yowayalamo. Koma ngati chilungamo chanu, chomwe tonse timachiopa, sichingabwerere m'mbuyo, mayina otsala ndi awiri, langa ndi lanu. Ine ndavomera, ndipo kapu yanga ndatsuka kale. Chokhacho ndikupempha n'chakuti titsate ulemu womwe munatiphunzitsa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndagwira ntchito pano, sindinayambe ndatulukapo pakhomo patsogolo panu. Ndidzakugwirirani chitseko.

Ine wanu wotsikitsitsa, amene sakweza maso,

Wosamalira Detabesi,
amenenso akugwirizira udindo wosamalira anapiye.