Tsiku limene ndinakankhitsa galimoto yamoyo

Nkhani iyi ndimaibisa, koma poti akabaza a pa Ngabu anaifalitsa kale, bola muimve kwa mwini manyazi.

Linali tsiku la sikelo. Mwana wanga Tadala anali ataphonya katemera mwezi wathawo, ndipo azaumoyo anandichenjeza kuti ndikadzachedwanso tidzaonana. Mwamwayi alamu anga, akulu awo a bambo a Tadala, anali atabwera kuchokera ku Blantyre ndi galimoto yatsopano.

"Kwerani mlamu, ndikakusiyani pachipatala. Iyitu ndi haibulidi!"

Ine haibulidi ndimadziwa ya chimanga. Ndinangoti, "Eya."

"Pena imayendera petulo, pena batire. Utsi wochepa. Imasamala chilengedwe!"

Ndinasuzumira kumbuyo: matumba a makala opita nawo kutauni, adzaza mpaka kudenga. Chilengedwe chake chiti? Ndinadzipanikiza kuseri kwa thumba limodzi, Tadala pamiyendo, buku la kusikelo pampando.

"Nanga batirelo likafa, alamu, mumataya kuti? Ife a tochi timaponya m'chimbudzi."

"Limenelitu ndi lalikulu ngati chitseko, mlamu."

"Ndiye chimbudzi chake chiti?"

Asanayankhe, foni inalira. Akazi awo. Mkangano nthawi yomweyo!

Titatsala pang'ono kufika pa Ngabu, tinapeza ng'ombe zikudutsa msewu, khola lonse. Alamu anaima. Galimoto zii! Osanjenjemera, osatsokomola. Ndinatchera khutu: palibe. Batire lija lafa, ndipo ndalilodza ndine ndi pakamwa pangapa!

Kwathu kuno galimoto ikati zii pamsewu sitifunsa. Timatsika n'kukankha. Matola onse amene ndakwerapo anandiphunzitsa zimenezo. Komanso munthu wangotama kumene galimoto yake, ungamuuze kuti yafa? Ndinabereka Tadala, n'kutsika mwakachetechete, chitseko n'kutseka pang'onopang'ono kuti alamu asachite manyazi.

Pansi pa mtengo panali akabaza anayi.

"Achimwene, thandizeni! Batire lafa, mwana akuchedwa kusikelo!"

Mmodzi wamtali anaika khutu pagalimoto. "Nkhabe kulira iyi, mayi. Yafadi. Tiyeni amuna!"

Tinakankha. Osasuntha.

"Chotsani giya, bwana!"

Bwana magalasi atseka, akukalipirana ndi akazi awo, kumbuyo sakuona chifukwa cha makala. Anabwera wootcha kanyenya, ndi mayi wina wogulitsa masawu. Tinakankha ndi dzuwa la kuno, lija loti dzira limapsa pamchenga. Thukuta kamukamu, Tadala akuseka kumsana.

Ng'ombe yomaliza itadutsa, galimoto inayamba kusuntha, ili chete.

"Ikuyenda! Limbani! Ikani sekondi, bwana!"

Kenako vuuu! Wamtali uja chafufumimba pandowe. Tonse nthungululu: "Yalira! Yalira!"

Ndinaimirira kudikira kuti aime ndikwere. Galimoto inangochepa, kuchepa, mpaka mbee. Ndi buku langa lomwe! Popanda buku azaumoyo sakuyang'ana n'komwe.

"Achimwene, thamangitsani galimoto ija!"

Wamtali anapukuta ndowe, ine pakaliyala. Anapalasa ngati wawona ng'ona.

Pachipatala tinapeza alamu atatsekula zitseko zonse, akusuntha matumba a makala, buku langa lili kumanja, akufunsa amayi a pamzere ngati aona mzimayi ndi mwana.

"Mlamu! Munatsikira pati?"

"Pomwe inafera paja. Mwayi wanu tinakukankhani."

"Kundikankha? Siinafe! Ikaima imazima yokha, kusunga petulo."

"Nanga inayenda bwanji osalira?"

"Ndi batire!"

"Lomwe linafalo?"

"Silinafe, mlamu! N'chifukwa chake ndimamva galimoto ikugwedera, ine n'kumapondereza buleki!"

Mzere wonse unagwa ndi phwete. Ndinalanda buku n'kuthamangira mkati. Azaumoyo anali atagwira kale sikelo kuti aimasule, koma anali akuseka mpaka misozi, moti anangoti, "Bweretsani mwanayo, Mayi Kankhani." Tadala anabayidwa. Dzinalo lidakalipo.

Potuluka ndinapeza wakabaza uja akuzungulira galimoto, akufotokozera anzake: "Haibulidi ndi imeneyi. Pena petulo, pena batire, pena ife."

Zoti imasamala chilengedwe, mpaka lero mutu sunandigwire. Utsi sindinauone, zoona. Koma chimene chinandifikitsa kusikelo popanda petulo, batire kapena makala ndi njinga.

Phunziro langa ndi limodzi: chikangoti zii, yamba wafunsa usanaitane anthu a maliro.