Chombo Changa ndi Polishi wa a Makwinja

LOLEMBA

Chatha! Zaka ziwiri ndikusema, kumata ndi kutukwana chamumtima, lero chombo changa chaima pathebulo lodyera. Karavela ya Apwitikizi, mtundu wa zombo zamatanga zomwe zinkazungulira gombe la Afirika zaka mazana asanu zapitazo. Sentimita imodzi ikuimira theka la mita. Palibe chongoganizira, chilichonse chadutsa pa rula.

Zomwe zalowamo:
- timatabwa ta mkungudza, topyapyala ngati chikhadabo, topinda ndi nthunzi ya ketulo
- milongoti itatu
- matanga odula ku shati yoyera ya bambo a Tadala (mpaka lero akuifunafuna)
- nangula wa waya
- maso anga, omwe tsopano akufuna magalasi

Bambo a Tadala ati: "Ndiye kuti tiyambiranso kudyera pathebulo?" Munthu ameneyu ndi amene ndinalumbira naye pamaso pa mpingo.

Loweruka ndikupita nacho kwa a Karim, a shopu ya zipangizo zomangira ku Limbe, komwe ndimagula guluu ndi waya. Pawindo la shopu yawo pakhala chombo chawo chachiarabu chiyambire ndili ku sekondale. Tsiku lomwe ndinawauza kuti nanenso ndiyamba, anaseka mpaka kutsokomola. Ati: "Madamu, mukachimaliza, chikakhalanso cholondola, ndichotsa changa pawindo ndiikepo chanu." Ananena pagulu. Ine ndine mphunzitsi wa Histole, sindiiwala zonenedwa pagulu. Windo limenelo ndi langa.

Chatsala n'chokhalira basi. Sichingatsamire mabuku a Fomu 3 mpaka kalekale.

LACHIWIRI

Ndaweruka, ndakwera minibasi ya m'tauni, chombo chili m'katoni pamiyendo. Mayi wina akufunsa ngati muli nkhuku. Kondakitala ati ndi keke. Ine ndangokumbatira katoni.

Pamzere wa osema ziboliboli ndasankha a Makwinja, bambo a imvi, manja ngati makungwa. Atsegula katoni. Asuzumira. Anzawo aunjikana. Wina wavula chipewa! Ndikulemba izi kuti mbiri isadzaiwale.

A Makwinja ati: "Mwapanga nokha, amayi? Ndi manja amenewa?" Eya, ndi manja amenewa, ndi digiri pamwamba.

Ndafotokoza bwinobwino: kathabwa kapansi, timiyendo tiwiri togwira mimba ya chombo, basi. Ati ndichisiye mpaka mawa kuti ayeze bwino, chisamadzagwedere. Ndakana kawiri. Kachitatu ndavomera, poti anthu ovulira chinthu chipewa suwaganizira zoipa.

Pochoka ndawamva akunong'oneza mnzawo: "Ntchito ndi yabwino, kungoti sanaimalize." Ndaseka. Nsanje ya amisiri.

LACHITATU

Chakuda.

Chakuda bii! Kuyambira nangula mpaka nsonga ya mlongoti, chikunyezimira ngati nsapato ya wapolisi pa perete.

Polishi wa nsapato. Zitini ziwiri. M'makona alowetsamo ndi mswachi, mwachikondi. Ndikumva tsopano kuti pamzere uno chinthu sichichoka chili choyera. Mtengo woyera kwa iwo ndi ulesi. Alendo amafuna phingo, ndipo phingo likasowa polishi sasowa. Mvuu, njovu, mipando, zonse zimadutsa pa burashi.

A Makwinja, akumwetulira: "Sitikanalola mupite nacho chamaliseche, amayi. Umenewu ndi ulemu wathu."

Ndayankhula. Ndayamba ndi Chichewa, ndamaliza ndi Chingelezi chomwe sindinachitulutsepo chilembereni mayeso omaliza ku yunivesite. Mayi wogulitsa nthochi watula dengu kuti amvetsere bwino.

Koma m'minibasi nzeru zabwerera. Zombo zenizenizo ankazipaka phula kuti madzi asalowe. Zinali zakuda! Ndiye kuti kunjaku kwalondola kuposa dzulo. Mbiri ili mbali yanga. Chofunika n'kuyeretsa pamwamba poyenda amalinyero, ndi matanga. Ntchito ya ola limodzi. Ndapambananso.

Chokhaliracho n'chokongola, ndisaname.

LACHINAYI

Njira zochotsera polishi, monga mwa akatswiri:
- aphunzitsi a Sayansi: sipiriti
- mayi a nyumba yoyandikana nayo: mandimu ndi phulusa
- bambo a Tadala: "Mungochivala kutchalitchi."

Ndasankha sayansi. Ndinapita kusukulu ine.

Sipiriti akuchotsadi polishi. Akufewetsanso guluu, chinthu chomwe aphunzitsi a Sayansi sanaone kuti n'choyenera kunditchulira. Timatabwa tapamwamba tikudzuka kamodzikamodzi ngati akwaya pa nyimbo yotsekera. Mlongoti wakumbuyo wawerama. Chiwongolero chathothoka, chagwera kwinakwake pathebulo. Matanga asanduka mtundu wa mabiringanya.

Zala zanga zakuda mpaka m'zikhadabo. Ana a sukulu mawa aganiza ndayamba geni ya makala.

Chipambano cha lero: milongoti iwiri mwa itatu ili chiimire. Ndatsegula buku, ndapeza chithunzi. Makaravela ena anali ndi iwiri yokha! Chombo changa sichinaonongeke, changobwerera m'mbuyo zaka zingapo.

Matanga atsopano si vuto. Bambo a Tadala ali ndi shati ina yoyera.

LACHISANU

Ndafika kuchokera kusukulu, pakhonde pali alendo. A Makwinja, mu jekete, ndi wapampando wa osema ziboliboli. Akwera chitunda chonse cha Chilobwe kudzapepesa. Ati nkhani yakambidwa pamzere, a Makwinja apezeka olakwa, ndipo wolakwa sabwera chimanjamanja.

Mtima wanga wafewa ngati guluu wadzulo. Mpaka atsegula jumbo.

Ati chombo chopanda okwera chimaoneka ngati cha mizukwa, ndiye andisemera okwera:
- mvuu imodzi
- njovu ziwiri
- nyamalikiti wamtali kuposa mlongoti
- msodzi wosuta kaliwo, yemwe pa muyeso wanga akutalika mamita asanu ndi limodzi

Zonse zakuda bii.

Ndisanatsegule pakamwa, bambo a Tadala, monga mwini nyumba, aomba m'manja, alandira chipepeso, ati nkhani yathera pompa. Zaka ziwiri osakhudzako ngakhale sandipepa, lero akulandira zipepeso za chombo changa! Ndipo aliyense akudziwa kuti chipepeso ukachilandira suchiponya pansi pa bedi eni ake akuona.

Ndalowa kukhitchini kukaphika tiyi. Kulakwa kwanga kwachiwiri sabata ino. Pobwera ndi thireyi, njovu zakwera kale. Anabwera ndi guluu wawo. Amata timatabwa tonse todzuka, mwaluso ndithu, ndipo poona mawanga a sipiriti a Makwinja apukusa mutu, atulutsa kachitini m'thumba la jekete. Ati: "Pang'ono pokha, amayi, pofananiza."

Ndathokoza. Ndapinda ndi bondo lomwe. Mayi anga anandilera bwino, vuto langa ndi limenelo.

Chipambano: sichikugwedera. Mlongoti wachitatu waimanso, aumangirira kukhosi kwa nyamalikiti.

LOWERUKA

Limbe! Katoni sakutsekeka, mutu wa nyamalikiti uli kunja, ukuona mzinda. Lero palibe wafunsa za keke.

A Karim avala magalasi, atulutsa rula. Ayeza thupi la chombo: lolondola. Milongoti: yolondola. Phula? Ndawalasa ndi mbiri asanamalize funso, agwedeza mutu. Kenako awerama pa zingwe, ayang'ana timfundo tanga nthawi yaitali. Ati: "Izi ndi zanu, Madamu. Ine zinandikanika." Mbiri, lemba zimenezo!

Ndiye ayeza msodzi. Akuyesa kubisa kuseka. Mapewa okha ndi amene akugwedezeka.

Ati pangano linali la chombo cholondola, ndipo sakukumbuka kuti Apwitikizi ankayenda ndi mvuu. Ndikukonza yankho la ndime zitatu, koma pakauntala padzaza. Odzagula misomali aiwala misomali. Mayi wina akujambula pafoni. Bambo wa machubu a njinga waitana mnzake panja. Khomo latsekeka ndi anthu, ndipo ena mwa iwo, poti alowa kale, akugulako penti.

A Karim ndi wamalonda asanakhale wa zombo. Ayang'ana khamu, ayang'ana windo, apumira m'mwamba.

Chombo chachiarabu chatsika! Ndachiona ndi maso anga chikupita pashelefu ya mapaipi. WINDO NDI LANGA! Ndayenda kuchokera pashopu mpaka pasiteji ngati nduna.

LAMULUNGU

Potuluka m'tchalitchi ndauza bambo a Tadala kuti tidzere ku Limbe. Ati si njira. Ndati lero ndi njira.

Shopu ndi yotseka, chombo chili pawindo, anthu aima akuloza. Ndaima kumbuyo kwawo, chikwama m'khwapa, kuti ndimve za ine mwini.

"Taonani mvuuyo, ngati ipuma!"

"Phingo lenileni limeneli."

"Ndi a Makwinja a m'tauni awa, dzanja lawo ndimalidziwa."

Bambo wina wa tayi, ataganiza mozama: "Koma bwatoli likanachepako, likubisa nyama."

Za timfundo ta zingwe palibe watchula.

Bambo a Tadala ali mu shati ya buluu, poti zoyera sizikupezeka. Ayang'ana matanga, ayandikira galasi. Pathanga lapakati pali kabowo ka batani. Andiyang'ana. Ndawayang'ana. Iwo analandira chipepeso cha chombo changa, ine ndinadula mashati awo. Tafanana.

Kunyumba tadyera pathebulo, koyamba m'zaka ziwiri. Ndi lalikulu kuposa momwe ndimakumbukira. Pothira shuga m'tiyi, supuni yagunda chinthu. Chiwongolero! Chakhala m'mbale ya shuga chigwereni Lachinayi. Ndiye kuti chombo chili pawindo la Limbe chopanda chiwongolero, ndipo palibe waona, ngakhale a Karim ndi rula yawo.

Sipiriti anachitsuka chisanagwe. Mkungudza woyera, kafungo kake kalipobe. Ndachipukuta, ndachiika m'kabati ya magalasi pakati pa makapu a alendo.

Chombo chikhale cha a Makwinja. Ichi n'changa, ndipo m'tauni sichipita.